Tiyi wa m'Kapu ndi Tiyi wa m'Kapisozi: Kodi Chiwindi Chimapindula Kapena Chimavulala?

Tsamba lake ndi limodzi, la mtundu womwewo wa chitsamba chimene chabiriwiritsa mapiri a Thyolo ndi Mulanje kwa zaka zoposa 100. Koma ofufuza a ku Israel ndi a ku America ataliyesa pa anthu, anabwerako ndi nkhani ziwiri zosagwirizana.

Ku Israel, gulu la Pulofesa Iris Shai wa pa yunivesite ya Ben-Gurion linatsatira anthu 294 onenepa pamimba kwa miyezi 18, litawagawa patatu. Oyamba anangolangizidwa za kadyedwe kabwino. Achiwiri anayamba kudya monga amadyera anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean: masamba ambiri, nsomba, nyama pang'ono, ndi mtedza wa walnut wokwana magalamu 28 patsiku. Achitatu anadyanso motero, koma anauzidwa kupewa nyama yofiira n'kumamwa makapu 3 kapena 4 a tiyi wobiriwira tsiku lililonse, komanso chakumwa chopangidwa ndi kachomera koyandama pamadzi kotchedwa Mankai. Atawaunika ndi makina a MRI, mafuta a m'chiwindi anali atatsika ndi 12 peresenti m'gulu loyamba, 20 peresenti m'lachiwiri, ndi 39 peresenti m'lachitatu. Zotsatirazi zinatuluka mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya Gut.

Ku Minnesota, m'dziko la America, nako kunali kafukufuku wa amayi 1,075 amene anasiya kusamba. Theka la iwo linkamwa makapisozi a tiyi wobiriwira, okhala ndi mamiligalamu 843 a chinthu chotchedwa EGCG patsiku, kwa chaka chathunthu. Enawo ankamwa makapisozi opanda kanthu. Madokotala poyeza magazi anapeza kuti ALT, chizindikiro chimene chimakwera chiwindi chikamavulala, inali itakwera mwa amayi 6.7 pa 100 alionse a gulu la tiyi, pamene m'gulu linalo anali 0.7 okha.

Apa ndi pamene pagona mtsutso umene wagawa akatswiri a zakudya ndi madokotala a chiwindi. EGCG ndi chimodzi mwa zinthu za m'zomera zotchedwa ma polyphenol. Dzina n'lachilendo, koma zinthuzo aliyense amazidziwa. Mayi akadula mabilinganya n'kuwasiya pambale, pakapita mphindi zochepa amayamba kuda. Mwana akaluma nthochi yosapsa, lilime limauma, m'kamwa monse n'kukhakhala. Mlimi wa mapira ku Nsanje amadziwa kuti mbalame zimathamangira mapira oyera, ofiira owawa aja zimawalambalala. Zonsezi ndi ntchito ya ma polyphenol, zida zimene chomera chimadzitetezera nazo ku dzuwa, ku tizilombo ndi ku zozidya. Asayansi apeza mitundu yake yoposa 8,000, ndipo imapezeka mu tiyi, khofi, koko, mphesa, anyezi, soya, nyemba zofiira, malambe, bwemba ndi chidede.

Chodabwitsa n'chakuti thupi la munthu silizilandira kwenikweni. Zochepa zokha, mwina 5 mpaka 10 peresenti, ndi zimene zimalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Zotsalazo zimapitirira mpaka m'matumbo aakulu, kumene kumakhala khamu la mabakiteriya amene ofufuza a ku Weizmann Institute mu 2016 anawayerekezera kuti ndi pafupifupi 38 thiliyoni mwa munthu wamkulu mmodzi. Mabakiteriyawo amaphwanya ma polyphenol kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo tizidutswato ndi timene timalowa m'magazi. Magazi ochokera m'matumbo sapita kumtima mwachindunji. Amayamba adutsa m'chiwindi kudzera mu mtsempha waukulu umene madokotala amautcha portal vein, umene umabweretsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi onse olowa m'chiwindi. Chiwindi chili ngati chipata cha pamalire ku Mwanza: katundu aliyense wochokera m'matumbo, wabwino ndi woipa yemwe, amaima pamenepo kuti aonedwe asanalowe m'dziko.

Otamanda ma polyphenol amayambira pachipata pomwepa. Iwo amati matenda ambiri a chiwindi a masiku ano amayambira m'matumbo. Munthu akamadya mafuta ndi shuga wambiri, khoma la matumbo limafooka, ndipo tizidutswa ta mabakiteriya timene timayenera kutuluka ndi chimbudzi timadutsa n'kukafika m'chiwindi. Chiwindi chimayamba kulimbana nato, chimatupa, ndipo pakapita zaka chimachita zipsera. Vutoli si laling'ono ayi: akatswiri amati pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu padziko lonse ali ndi mafuta ochuluka m'chiwindi, ambiri mwa iwo osamwa n'komwe mowa.

Umboni umene otamandawa amaukonda kwambiri ndi wa kabakiteriya kotchedwa Akkermansia muciniphila, kamene Muriel Derrien ndi Willem de Vos anakapeza mu 2004 ku Wageningen, m'dziko la Netherlands. Kamakhala mu ntchofu imene imakuta matumbo m'kati, ndipo pamene kamadya ntchofuyo kamachititsa matumbo kupanga ina yatsopano, khoma n'kulimba. Mu 2015 gulu la André Marette pa yunivesite ya Laval ku Canada linadyetsa mbewa chakudya chonona ndi chotsekemera kwambiri, zina n'kuziwonjezera ma polyphenol a zipatso za cranberry. Mbewa zolandira ma polyphenol sizinanenepe ngati zinzake, mafuta a m'chiwindi anachepa, ndipo Akkermansia anachulukana m'matumbo mwake. Chaka chomwecho ofufuza a pa yunivesite ya Rutgers anapeza zofanana atagwiritsa ntchito mphesa. Patapita zaka ziwiri, a pa yunivesite ya UCLA anaonetsa kuti tiyi wakuda, osati wobiriwira yekha, amasinthanso mabakiteriya a m'matumbo mwa mbewa ndi kuchepetsa kunenepa.

Mfundo yomalizayi ikukhudza kapu ya m'mawa ya m'nyumba zambiri ku Malawi. M'mafakitale a ku Thyolo ndi Mulanje, tsamba lothyoledwa m'munda limayamba lafotetsedwa, kenako limaduliradulira n'kuyalidwa kuti likumane ndi mpweya. Pamenepo limasintha mtundu maso akuona, kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, fungo la tiyi n'kudzaza nyumba yonse. Kusintha kumeneko ndi ma polyphenol aang'ono akulumikizana kukhala akuluakulu. Akakula chotero kulowa m'magazi kumavuta kwambiri, ndiye ambiri amakafika kwa mabakiteriya.

Pa anthu napo pali zoloza. Ku yunivesite ya Reading ku England, anthu 22 anamwa chakumwa cha koko chokhala ndi mamiligalamu 494 a ma polyphenol tsiku lililonse kwa milungu inayi, ndipo mabakiteriya a mitundu ya Bifidobacterium ndi Lactobacillus anachuluka m'matumbo mwawo. Koma umboni waukulu kuposa wonse ndi wa khofi. Ofufuza a ku Southampton mu 2016 ataphatikiza makafukufuku angapo anapeza kuti kuwonjezera makapu awiri a khofi patsiku kunkayendera limodzi ndi kuchepa kwa chiopsezo cha kuuma kwa chiwindi ndi 44 peresenti. Mu 2021 anaunikanso anthu pafupifupi 495,000 a ku Britain, n'kupeza kuti omwa khofi ankadwala matenda okhalitsa a chiwindi mocheperapo ndi 21 peresenti. Ngakhale omwa khofi wochotsedwa caffeine ankaoneka otetezeka, zimene zikusonyeza kuti chinsinsi sichili mu caffeine yekha.

Otsutsa sakana manambalawa. Chimene amakana ndi kuthamangira kugamula.

Choyamba amati mbewa si munthu. Mbewa za mu labotale zimabadwa zofanana, zimadya chakudya chimodzi, zimakhala m'khola limodzi, ndipo nthawi zambiri zimapatsidwa mlingo umene munthu sangaupeze m'mbale. Za khofi amati kuyendera limodzi si kuchititsa: munthu amene chiwindi chake chayamba kale kudwala akhoza kusiya khofi chifukwa sakumukomeranso, ndiye omwa khofi n'kumaoneka athanzi. Kafukufuku wa ku Israel uja amamulemekeza, koma amakumbutsa kuti gulu lachitatu linasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Linachepetsa nyama, linawonjezera tiyi, linawonjezera Mankai. Ndani anganene kuti mwa zitatuzi chinatsitsa mafuta n'chiti? Anthu 88 pa 100 alionse m'kafukufukuyo anali amuna, ndipo mwa opereka ndalama munali bungwe la alimi a walnut la ku California. Pa kafukufuku wa koko uja, mmodzi mwa ofufuza anali wogwira ntchito ku kampani ya chokoleti ya Mars. Zimenezi sizisandutsa zotsatira kukhala bodza, koma woziwerenga ayenera kuzidziwa.

Kenako amatsegula mbiri ya malonjezo amene anafota. Resveratrol, polyphenol wa m'makoko a mphesa, anatchuka kwambiri moti mu 2008 kampani ya GlaxoSmithKline inagula kampani ya Sirtris, imene inkamufufuza, pamtengo wa madola 720 miliyoni. Pofika mu 2013 inali itatseka maofesi a kampaniyo popanda mankhwala ofika pamsika. Mu 2012 yunivesite ya Connecticut inalengeza kuti mmodzi mwa ofufuza ake odziwika pa nkhani ya resveratrol anapeka kapena kusintha zotsatira maulendo 145. Ndipo madokotala a ku Brisbane, ku Australia, atayesa mamiligalamu 3,000 a resveratrol patsiku kwa milungu 8 pa amuna onenepa a mafuta m'chiwindi, mafutawo sanatsike. Chimene chinakwera ndi ALT. Silymarin, wochokera ku chomera cha milk thistle, amagulitsidwa m'mayiko ambiri ngati woteteza chiwindi, koma atayesedwa ku America pa odwala hepatitis C okwana 154, zotsatira za mu 2012 zinasonyeza kuti sanasiyane ndi makapisozi opanda kanthu.

Mkondo wakuthwa kwambiri wa otsutsa ndi wa anthu amene anagonekedwa m'chipatala. Mu 2003 France ndi Spain analetsa mankhwala ochepetsa thupi otchedwa Exolise, opangidwa kuchokera ku tiyi wobiriwira, anthu angapo atavulala chiwindi. Ku America, madokotala amene amasonkhanitsa mbiri ya odwala ovulala chiwindi ndi mankhwala anapeza kuti pakati pa 2004 ndi 2013 gawo la ovulala ndi mankhwala azitsamba ndi owonjezera m'thupi linakwera kuchoka pa 7 kufika pa 20 peresenti. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la EFSA linagamula kuti tiyi wobiriwira wofulula m'kapu alibe vuto kwa anthu ambiri, poti womwa wamba amapeza mamiligalamu 90 mpaka 300 a EGCG patsiku, koma makapisozi ofika mamiligalamu 800 kapena kuposerapo amakweza zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi. Kuyambira mu 2022 lamulo la European Union limafuna kuti mlingo wa tsiku limodzi usafike pa 800.

Tameriki nayenso walowa m'gulu lomweli. Wothira mu ndiwo sanavulazepo anthu ochuluka, chifukwa curcumin, polyphenol wake, salowa m'magazi mosavuta. Opanga makapisozi anaona zimenezo ngati vuto loyenera kuthetsa, ndipo anayamba kusakaniza piperine wa mu tsabola wakuda, amene kafukufuku wa ku India wa mu 1998 anasonyeza kuti amachulukitsa curcumin wolowa m'magazi kokwana ka 20. Italy mu 2019 ndi Australia mu 2023 anachenjeza anthu awo za makapisozi a tameriki odwala atayamba kubwera ndi maso achikasu. Madokotala a ku America apezanso kuti ambiri mwa ovulala ndi tiyi wobiriwira kapena tameriki ali ndi chibadwa chimodzi chotchedwa HLA-B*35:01. Wogula botolo pa famase sadziwa ngati ali nacho.

Munthu akaika mbali ziwirizi pamodzi, amaona kuti sizikukangana pa chinthu chimodzi. Pafupifupi umboni wonse wokoma ukuchokera ku chakudya ndi chakumwa: kapu ya khofi, kapu ya tiyi, mtedza, masamba. Pafupifupi umboni wonse woopsa ukuchokera ku makapisozi. Ndipo chifukwa chake chikumveka. Ngati phindu la ma polyphenol limadzera mwa mabakiteriya, ndiye kuti kusalowa kwawo m'magazi si chilema ayi, ndi njira imene amagwirira ntchito. Wopanga kapisozi amene amadzitama kuti mankhwala ake "amalowa msanga m'thupi" akulambalala mabakiteriya omwewo amene akuwatchula potsatsa malonda, n'kukatula katundu yense pachiwindi nthawi imodzi, kawirikawiri m'mimba mulibe kanthu. Pa mfundo imeneyi otsutsa apambana, ndipo apambana poyera.

Komabe otamanda sanagonje pa zonse. Kunena kuti zonse ndi nkhambakamwa kungakhale kusaona dala. Magulu awiri omaliza a ku Israel aja anatsika sikelo mofanana ndithu, koma mafuta a m'chiwindi anatsika mosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kukufuna kufotokozedwa. Chimene otamanda ayenera kuvomereza n'chakuti phindulo n'lapang'onopang'ono, limabwera ndi kadyedwe konse, ndipo silingapikisane ndi kuchepetsa thupi. Ku Cuba, madokotala anatsatira odwala 293 kwa chaka chimodzi, akuunika kachidutswa ka chiwindi poyamba ndi pomaliza. Mwa amene anatsika ndi 10 peresenti ya kulemera kwawo, 90 pa 100 alionse kutupa kwa chiwindi kunatha. Palibe kapu ya tiyi imene yasonyezapo mphamvu yotere, makamaka ikakhala yothira masupuni atatu a shuga, poti shuga ndi mmodzi mwa odzaza mafuta m'chiwindi.

Pali chinthu china chimene mbali zonse ziwiri zimagwirizana, ndipo kwa owerenga a ku Malawi ndi chofunika kuposa zonse: matumbo a anthu safanana. Makangaza ndi walnut ali ndi ma polyphenol amene mabakiteriya ena amawasandutsa chinthu chotchedwa urolithin, koma gulu la Francisco Tomás-Barberán ku Murcia, m'dziko la Spain, linapeza kuti anthu ena satulutsa urolithin ngakhale atadya bwanji. Soya nayenso n'chimodzimodzi. Pafupifupi theka la anthu a ku Japan ndi Korea ali ndi mabakiteriya osandutsa polyphenol wa soya kukhala equol, pamene ku Ulaya ndi ku America ndi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi. Anthu awiri akhoza kudya m'mbale imodzi, chiwindi cha wina n'kulandira chimene cha mnzake sichinalandire.

Malawi ali ndi malo ake m'mbiri ya sayansi imeneyi. Mu 2012 gulu la Jeffrey Gordon wa ku St. Louis, ku America, linayerekeza mabakiteriya a m'matumbo mwa anthu a m'midzi ya ku Malawi, a m'nkhalango za ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America, n'kupeza kuti a ku Malawi anali ndi mitundu yambiri ndiponso yosiyana kutalitali ndi ya Amereka. Mu 2013 gulu lomwelo, mogwirizana ndi ofufuza a ku College of Medicine ku Blantyre, linafalitsa zimene linapeza litatsatira mapasa 317 awiriawiri. Panali mabanja amene mwana mmodzi anadwala kwashiorkor, mnzake wobadwa naye tsiku limodzi ali bwinobwino. Ataika mabakiteriya a mwana wodwala m'mbewa zopanda mabakiteriya n'kuzidyetsa chakudya cha kumudzi, mbewazo zinaonda kwambiri. Zitapatsidwa chiponde zinayamba kubwerera. Ngati matumbo oleredwa ndi nsima, nyemba, chisoso ndi thobwa ali osiyana chotero ndi a ku St. Louis, ndiye kuti zotsatira za ku Reading kapena ku Minnesota sizingangokoperedwa n'kumatidwa pa munthu wa ku Ntcheu. Ophunzira a ku LUANAR ndi ku Kamuzu University of Health Sciences ali ndi munda wachonde pamaso pawo: malambe, masau, chidede, mapira ofiira ndi mawere, pa matumbo a eni ake a zakudyazo.

Palinso mtengo umene ma polyphenol amalipiritsa, umene mayiko okhuta nyama sauona. Amagwira ayironi wa m'zakudya zochokera ku zomera, n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Ofufuza a ku South Africa anasonyeza zimenezi pa tiyi kale mu 1975, ndipo kafukufuku wa mu 1999 anapeza kuti tiyi wakuda womwera pachakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi 79 mpaka 94 peresenti. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malawi wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi amayi 33 pa 100 alionse anali ochepa magazi. Zochititsa n'zambiri, malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zili m'gulu lomwelo, koma mayi woyembekezera amene amameza piritsi la ayironi la kusikelo ndi tiyi wowirira akudzimana yekha. Kukonza kwake n'kosavuta. Ofufuza a ku Britain mu 2017 anaonetsa kuti kudikira ola limodzi pakati pa chakudya ndi tiyi kumachepetsa vutoli, ndipo vitamini C wa m'magwafa, m'malalanje kapena m'malambe amathandiza ayironi kulowa.

Ndipo chiwindi cha m'dera lino chili ndi adani amene tiyi sangawathe. Hepatitis B ilipo yambiri mwa akuluakulu obadwa katemera wake asanalowe m'ndondomeko ya ana mu 2002, ambiri osadziwa kuti ali nayo. Poizoni wa chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B chiopsezo chimachulukirachulukira. Pali likodzo la m'matumbo limene limasiya zipsera m'chiwindi, pali kachasu. Ndalama imene banja lingathere pa botolo la makapisozi "otsuka chiwindi" ingachite zambiri itapita kokayezetsa hepatitis B kapena kogula matumba osungira chimanga bwino.

Woyenera kusamala kwambiri ndi munthu amene chiwindi chake chili kale pantchito yolemetsa. Mankhwala atatu mwa anayi oyambira a TB, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide, amadziwika kuti akhoza kuvulaza chiwindi, ndipo ma ARV ena nawonso amafuna kuyang'aniridwa. Wodwala wotere akawonjezera makapisozi ochepetsa thupi amene wagula pa WhatsApp kapena amene m'bale wamubweretsera kuchokera ku Johannesburg, n'kuyamba kuona mkodzo wakuda, maso achikasu, nseru ndi kuyabwa thupi, dokotala amayamba kukayikira mankhwala a TB aja, mwinanso kuwaimitsa. Amafunsa kuti, "Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?" Wodwala amayankha ndi mtima wonse kuti, "Ayi adokotala, palibe," chifukwa kwa iye za m'botolo lija ndi tiyi chabe. N'chifukwa chake madokotala odziwa za chiwindi amafunsanso kachiwiri, akutchula mayina amodziamodzi, zitsamba, ufa, tiyi wochepetsa mimba, makapisozi a tameriki, ndipo amapempha wodwalayo kuti ulendo wotsatira abwere ndi botololo kuchipatala.